Funsani adokotala: jakisoni wa pamsana amawombana ndi mankhwala ofoola minofu?

Funso: Adokotala, mng'ono wanga anachira pa opaleshoni mwezi wathawu, BP inali itakwera kwambiri. Anamubaya jakisoni wa pamsana koma sanagwire bwino ndiye anangomugonetsa, atamaliza anachedwa kuyamba kupuma yekha mpaka ankachita kumupopera mpweya. Pano ali bwino ndi mwana yemwe koma ife mantha sanathe. Kodi mankhwalawa anawombana? Mayi wa ku Bvumbwe, Thyolo

Yankho: Pepani mayi, zimenezi zimaopsa ndithu, ndipo mwafunsa bwino. Kuwombana ayi, koma kuwonjezerana mphamvu kumachitika.

Mankhwala a dzanzi ngati lignocaine ndi bupivacaine, omwe ndi mtundu wa mankhwala a mu jakisoni wa pamsana, amatseka uthenga mumtsempha kuti ululu usafike ku ubongo. Ofoola minofu, monga suxamethonium kapena vecuronium, omwe amapereka pomugonetsa munthu, amagwira pomwe mtsempha umakumana ndi mnofu, ndipo amafoola ndi minofu yopumira yomwe, nchifukwa chake amalowetsa chubu pakhosi nkumamupumitsa munthu. Ndiye a dzanzi aja akachuluka m'magazi amachepetsa acetylcholine, kachinthu komwe mtsempha umatulutsa pouza mnofu kuti ukokeke, komanso mnofuwo sumva msanga, basi kufooka kuja kumakula nkutenga nthawi yaitali kuti kuthe.

Koma nkhani yagona pa kuchuluka kwake. Wa pamsana amakhala wochepa zedi, bupivacaine amangoika cha m'ma 10 mg, wofika m'magazi ndi wochepetsetsa. Vuto limabwera akabaya wambiri pabala kapena akamuika mudiripi. Chomwe jakisoni wa pamsana angachite payekha ndi kukwera mopitirira nkufoola chifuwa, imeneyo ndi njira ina.

Ine kwa mng'ono wanuyu maso anga ali pa BP ija. Mayi woyembekezera BP ikakwera moopsa amapatsidwa magnesium sulphate kuti asakomoke, mankhwala opulumutsa moyo kwabasi, koma amakulitsa kwambiri mphamvu ya ofoola minofu, makamaka a mtundu wa vecuronium. Gentamicin, mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda, nayenso amatero. Chinanso, suxamethonium amayenera kutha pa mphindi 5 mpaka 10 chifukwa m'magazi muli chinthu chotchedwa cholinesterase, yomwe imamuphwanya, koma pa mimba imachepa, ena amabadwa nayo yofooka ndipo zimayenda m'mtundu. Kwanu ku Bvumbwe komwe anthu amapopera tomato ndi kabichi dziwaninso kuti mankhwala ophera tizilombo a gulu la organophosphate amaifoola cholinesterase yomweyi, ndiye amene wapopera posachedwa azinena asanalowe ku thiyeta.

Kumupopera mpweya kuja ndiye chithandizo chake chenicheni, amadikira mankhwala atuluke m'thupi, nthawi zina amabaya neostigmine pamodzi ndi atropine kubweza mphamvu ya minofu.

Chonde mng'ono wanu abwerere kuchipatalako akafunse amene anamugonetsa mayina a mankhwala onse omwe anapatsidwa, awalembe m'buku lake lakuchipatala. Zikapezeka kuti ndi suxamethonium, inunso ndi abale ena amagazi muzinena musanachitidwe opaleshoni ina iliyonse.