Laputopu yafa, koma hard drive yake musaitaye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a kusekondale. Laputopu yawo ya HP, yomwe anagula mu 2014, inangozima osayakanso, ndipo wokonza anawauza kuti motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse za mkati, inapsa. Akufunsa ngati angathe kuchotsa hard drive ya mkatimo, disiki yosungira mafayilo, n'kumayenda nayo ngati fulashi yaikulu, komanso ngati zithunzi za ukwati wawo ndi mafunso a mayeso omwe akhala akukonza zaka zonsezi zingapezekenso.

Aphunzitsi, n'zotheka ndithu. Motherboard ikapsa, nthawi zambiri hard drive imakhala ili bwinobwino, mafayilo onse ali momwemo. Chomwe mukufunika ndi kabokosi koikamo disikiyo, kamene m'masitolo a makompyuta amati casing.

Musathamangire kukagula musanaione disikiyo. Chotsani chaja ndi batire, tembenuzani laputopu, mumasule masikuluwu a pansi. Malaputopu ambiri a zaka zimenezo ali ndi disiki ya mainchesi 2.5 ya mtundu wa SATA, yooneka ngati kachikwama kachitsulo kokwana m'thumba la malaya. Kumutu kwake kuli polumikizira paŵiri, pena pafupi pena patali, palibe tizisonga tobaya. Mukaona tizisonga 44 tondandalika m'mizere iŵiri, imeneyo ndi IDE ya makedzana ndipo imafuna casing yakeyake. Mukapeza kanthu kopyapyala ngati chingamu, ndiye M.2, yomwenso ili mitundu iŵiri, SATA ndi NVMe. Chanzeru n'kuikulunga bwino disikiyo, kupita nayo kusitolo, aiyese inu mukuona.

Sankhani casing ya USB 3.0, yomwe mkati mwa pulagi yake nthawi zambiri mumakhala mwa buluu. USB 2.0 imalekezera pa 480 Mbps pomwe USB 3.0 imafika 5 Gbps. Disiki yanuyo siingathamange mpaka pamenepo, komabe kusiyana mudzakuona pokopera mavidiyo. Palinso nkhani ya magetsi: disikiyi imadya 5V kuchokera pa USB pomwepo, ndipo doko (bowo lolumikizirapo chingwe) la USB 2.0 limapereka 500 mA yokha pomwe la 3.0 limapereka 900 mA. Mukamva disiki ikulira "tiki, tiki" osaoneka pa kompyuta, yambani mwasintha doko kapena chingwe musanaganize kuti yafa.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Mukailumikiza koyamba pa kompyuta ina, Windows ikhoza kukufunsani ngati mukufuna kufomata, komwe kumafufuta zonse zili m'disikimo. Kanani. Mtima umandipweteka ndikakumbukira mnzanga wina yemwe anadina "Format" mosaganiza, zithunzi za malemu mayi ake n'kupita ine ndili chiimire pambali pake. Tsegulani foda ya Users, mupeze dzina lomwe munkaloŵera pa laputopu ija. Ikanena kuti mulibe chilolezo, dinani Continue, mudikire, chifukwa imachedwa. Documents, Pictures ndi Desktop zili mmenemo. Koperani zonse kaye pa kompyuta ina. Ikafunsa kiyi ya BitLocker, loko wa Windows wotsekera disiki, ndi manambala 48 omwe kaŵirikaŵiri amasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Disiki ikapanda kuoneka n'komwe, tsegulani Disk Management ya mu Windows muipatse chilembo chodziŵikira nacho, monga E:.

Mafayilo akapulumuka, yesani thanzi la disikiyo ndi pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo. Imaonetsa maola omwe disiki yagwira ntchito ndipo imalemba Good, Caution kapena Bad. Ine ikalemba Caution sindiikamonso chinthu chomwe ndingalire nacho chikasoŵa. Ndipo ngakhale italemba Good, kumbukirani kuti ndi disiki ya zaka zoposa khumi, yomwe mkati mwake muli mbale zozungulira mwina maulendo 5,400 pa mphindi, kamutu koŵerenga kakuyandama pamwamba pake. Fulashi ikagwa mumangoitola. Iyi ikagwa patebulo ikuzungulira, kamutu kaja kamakanda mbale, basi zatha. Choncho zithunzi za ukwati zija zikhalenso pena, kaya pa laputopu yatsopano kaya pa Google Drive, yomwe imapereka 15 GB yaulere.

Kufomata kubwere pomaliza, kuti muchotse Windows yakale yomwe ikungodya malo. Pofomata mumasankha mtundu wa kasungidwe ka mafayilo: ngati muziigwiritsa ntchito pa Windows pokha, NTFS ili bwino. Ngati muzibwerekana ndi anzanu a Mac, sankhani exFAT. FAT32 ipeŵeni chifukwa siilandira fayilo yoposa 4 GB, kupatula ngati TV yanu yakale ikukana zina zonsezo.

Popita nayo kusukulu pa minibasi kapena pa kabaza, ikulungeni m'kansalu muiike pakati pa mabuku, osati m'thumba lakumbuyo la buluku. Ndipo musanaizule, dinani Eject, muyembekeze mpaka kunjenjemera kwake kutasiya m'dzanja lanu.