Kalata ya ku hospice yabwera, ndipereke kapena ndingoitaya?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena omwe ali ku England. Amuna awo anamwalira ndi khansa ku hospice (malo osamalirako odwala matenda osachiritsika) chaka chatha, ndiye pano alandira kalata ya Light up a Life yowapempha kangachepe kuti dzina la malemu lilembedwe m'buku la chikumbutso komanso ayatsiridwe kanyali pa mtengo wa Khrisimasi. Akufunsa kuti, "Kodi amenewa si malonda? Ine ndikadali kulira, iwo akuganiza za ndalama."

Achemwali, pepani kwambiri. Kupsa mtima kwanuko ndikukumvetsa ndithu, makalatawa amafika nthawi yowawa, Novembala kapena Disembala, kunja kukuda 4 koloko isanakwane, kuzizira kosaneneka, anzanu ali kalikiliki kugula mphatso pomwe inu mukuphika chakudya cha munthu mmodzi.

Koma ine ndikuti si malonda ayi. Ma hospice ambiri ku UK si a boma, ndi mabungwe achifundo, ndipo wodwala salipira kanthu. Ndalama ya boma imangokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe ma hospice a akuluakulu amagwiritsa ntchito, zotsalazo amazisaka okha, kumashopu awo a kaunjika aja, kwa anthu othamanga marathon, kwa osiya chuma mu wilu, ndi m'makalata ngati yanuyi. Ndiye kuti bedi lomwe anagonapo amuna anu, manesi omwe ankawatembenuza usiku, mankhwala opha ululu aja, mbali yaikulu analipira ndi mabanja ena omwe analira inu musanalire, anthu oti simudzawadziwa. Kwathu pamaliro wina amabwera ndi ufa, wina nkhuni, kabuku ka chipepeso nkumayenda, palibe amene amati amfumu akuchita bizinesi. Kusiyana kwake nkoti uku chipepesocho chimathandiza banja lomwe likubwera m'mbuyo mwanu.

Ndipo pali china chomwe anthu athu ambiri sachidziwa. Cicely Saunders, mayi yemwe anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu wodwala mwakayakaya si wa m'thupi mokha, ulinso mumtima, mumzimu ndi m'banja lake. Nchifukwa chake ma hospice ambiri satha nanu tsiku la maliro, ali ndi alangizi a anamfedwa, nthawi zambiri ulele. Ife timangoti tilimba mtima, tipemphera, basi. Pempherani ndithu, komanso imbani foni mufunse za thandizoli, ndi lanu.

Tsono musamve ngati muli ndi ngongole. Mulibe. Ndikudziwa mmene zimakhalira, lendi ikudikira, magetsi akwera, kumudzi akufunsa za chiliza, ana a malemu achimwene akufuna fizi. Ngati zavuta chaka chino musapereke, ndipo ma hospice ambiri amalandira aliyense ku mwambo wa chikumbutsowo, wapereka kaya sanapereke. Ngati kalatayo ikungokutsegulani bala, auzeni asiye kukutumizirani, lamulo likukulolani ndipo palibe amene angakuoneni ngati wosayamika. Mukasankha kupereka, olo 5 paundi ndi ndalama, ndipo ngati mumalipira msonkho ku UK chongani kabokosi ka Gift Aid, boma limawonjezera 25p pa paundi iliyonse. Ngati simulipira msonkho musachonge.

Mwina mtima wanu uli kumudzi. Ku Salima kuli Ndi Moyo, ku Queens ku Blantyre kuli Tiyanjane, onsewa amasamalira odwala matenda osachiritsika, mutha kukumbukira amuna anu pothandiza kumeneko, palibe cholakwika.

Mukanakhala mchemwali wanga weniweni ndikanati pitani ku mwambowo. Valani zofunda chifukwa nthawi zina umachitikira panja, tengani mnzanu wa kutchalitchi kapena mwana wanu, musapite nokha. Pa fomu lembani dzina lonse la malemu, ngakhale la mfunda lomwe, ndipo ngati amawerenga mayina mokweza, aimbireni tsiku lisanafike muwauze katchulidwe kake kuti asadzalipotoze inu muli pomwepo.