Yankho kwa asisi afunsa za kanema wa nsanja ya anthu uja

Asisi, mwafunsa ngati kanema uja wa anthu oima pamapewa pa anzawo mpaka kutalika ngati nyumba yosanja ndi weniweni kapena ndi za AI, komanso kuti makolo amalola bwanji kamwana kupita pamwamba penipeni. Ndi zenizeni ndithu, palibe za kompyuta apo. Zimachitika ku Catalonia, chigawo cha Spain komwe kuli Barcelona, eniakewo amati castells. Zinayambira m'tawuni ya Valls pafupi ndi Tarragona chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo mu 2010 UNESCO inaziika pa mndandanda wa miyambo ya anthu, womwewu womwe pali Gule Wamkulu ndi Vimbuza.

Vuto la timakanema ta pafoni ndi loti kamera imangothamangira kamwana kali pamwambako, pomwe ntchito yonse ili pansi. Tawuonereninso bwinobwino, muona chikhamu cha anthu atapanikizana, chifuwa pamsana pa mnzake, mitu ataweramitsa, manja atatambasula kuchirikiza amene aima pamwamba pawo, amenewo amawatcha pinya ndipo sikuti amangounjikana mwachisawawa ayi, aliyense amachita kuuzidwa poima malinga ndi msinkhu ndi mphamvu zake, ndiye nsanja ikati yagwa anthu amagwera pa iwowa osati pa simenti. Madoda amphamvu amakhala m'munsi, opepuka m'mwamba, nchifukwa chake atsikana ndi ana ndi amene amamalizitsa. Nsalu yakuda yaitali ija amakulunga nayo m'chiuno si yotchenera, imagwira msana komanso wokwera amagwira pomwepo nkupondapo, ndipo amakwera opanda nsapato. Chomwe chimandisangalatsa ine ndi chitoliro chija, gralla, ndi ng'oma yake. Amene ali pansi saona kanthu, ndiye nyimboyo ndi imene imawauza kuti nsanja yafika pati.

Kamwana komaliza amakatcha enxaneta, kakafika pansonga kamakweza dzanja kenako nkutsikira mbali inayo. Koma apo sizinathe, kupasula ndiye kovuta chifukwa anthu amakhala atatopa miyendo ikunjenjemera, ndipo pa mpikisano waukulu wa ku Tarragona, womwe umachitika mu Okutobala zaka ziwiri zilizonse, gulu lomwe latsika osagwa limapeza mapointi ambiri kuposa lomwe langofika pamwamba. Nsanja zazitali kwambiri zimafika misanjo 10, gulu la Minyons de Terrassa ndi lomwe linayamba kumanga yotere nkuipasula bwinobwino mu 1998.

Za ngozizo sindikunamizani, zimachitika. Mu 2006 mtsikana wa zaka 12 anamwalira atagwa m'tawuni ya Mataró ku Catalonia konko, ndipo kuchokera pamenepo ana a pamwamba amavala ma helmet. Ine wanga kunena zoona mtima sungandilole. Komabe amene mukuti makolowo ndi osasamala mukuwalakwira, anawa amayeserera sabata ndi sabata, kuyambira pa tinsanja tating'ono, ndipo nthawi zambiri bambo kapena mayi ake amakhala ali momwemo mu pinya. Mtsogoleri wa gulu akaona kuti nsanja ikugwedera kwambiri amalamula kuti atsike mwana asanafike nkomwe pamwamba, ndiye amayambiranso. Makanema a zoterezo sayenda kwambiri pa Facebook, anthu amakonda kugawana omwe agwa.