Za envulopu ya 1939 yokhala ndi saini ya Mathewson

Achimwene, mwafunsa ngati mungagule envulopu ya mu 1939 imene wogulitsa akuti ili ndi saini za akatswiri akale a masewera a baseball a ku America, Babe Ruth, Cy Young ndi Christy Mathewson. Ine ndikukulangizani kuti musaigule, ndipo chifukwa changa chagona pa madeti, tisanafike n'komwe pa kaonekedwe ka zilembozo.

Sitampa imene ili pa envulopuyo ndi yodziwika bwino kwa onse osonkhanitsa zinthu za baseball. Ndi ya masenti 3, ndipo inatuluka pa 12 June 1939 ku Cooperstown m'chigawo cha New York, tsiku lomwe anatsegulira nyumba yolemekezera akatswiri a baseball yotchedwa Hall of Fame. Inali yokumbukira zaka 100 za masewerawa, ngakhale kuti zakazo anaziwerenga kuchokera pa nthano yakuti Abner Doubleday ndiye anawayambitsa mu 1839, nthano imene akatswiri a mbiri anaikana kalekale. Pa mwambowo panali akatswiri 11 amene anali atasankhidwa kale kulowa mu Hall of Fame ndipo anali moyo, kuphatikizapo Ruth, Young, Honus Wagner, Walter Johnson ndi Ty Cobb (Cobb ndiye anafika mochedwa). Choncho saini za Ruth ndi Young pa envulopu yotere n'zotheka ndithu. Koma Mathewson, ngakhale anali m'gulu la asanu oyamba kusankhidwa mu 1936, anali atamwalira kale ndi chifuwa chachikulu mu 1925, kutatsala zaka 14 kuti sitampayo ituluke. Dzanja limene linalemba dzina lake si lake, ndipo ngati wachinyengo anagwirapo envulopuyo kamodzi, ine sindingakhulupirirenso mayina awiri enawo.

Ubwino wa envulopu zodindidwa pa tsiku loyamba limene sitampa yatuluka, zimene eni ake amazitcha first day cover, ndi umenewu: chidindo cha positi ofesi chimakhala mboni yosanama, chifukwa chimakuuzani tsiku limene saini iliyonse singakhale italembedwa lisanafike. Sitampa ya Jackie Robinson inatuluka mu 1982, pamene iye anamwalira mu 1972; ya Ruth inatuluka mu 1983, pamene iye anamwalira mu 1948. Mukaona saini zawo zolembedwa pa envulopu zimenezo, musavutike n'kufunsa mtengo.

Inki nayonso imalankhula. Bolopeni inayamba kugulitsidwa m'masitolo a ku America chakumapeto kwa 1945, kotero saini ya Lou Gehrig, amene anamwalira mu 1941, singakhale ya bolopeni. Iyenera kukhala ya cholembera chothira inki kapena ya pensulo.

Mwanenanso kuti wogulitsayo ali ndi chikalata chotsimikizira. Chikalatacho chisakukopeni msanga, chifukwa pa kafukufuku wa FBI, bungwe lofufuza milandu ku America, wotchedwa Operation Bullpen, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zinapezeka kuti saini zabodza zambiri zinkagulitsidwa pamodzi ndi zikalata zooneka zolongosoka. Ogula ambiri amadalira makampani otsimikizira saini a PSA/DNA kapena James Spence Authentication, ndipo nambala ya chikalata chawo mungathe kuifufuza nokha pa intaneti. Komabe ngakhale akatswiriwo amangopereka maganizo awo, ndipo vuto lina limene amalimbana nalo ndi la saini zolembedwa ndi anyamata ogwira ntchito m'timu kapena achibale m'malo mwa wosewera wotopa ndi makalata.

Ngati chimene chakusangalatsani ndi mbiri ya tsiku limenelo, funani envulopu ya 1939 yopanda saini, yokhala ndi chidindo cha Cooperstown chowerengeka bwino. Zimenezi zinadindidwa zochuluka ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Ineyo ndimaikonda kwambiri kuposa dzina lokayikitsa, chifukwa chithunzi cha pa sitampayo, cha anyamata akusewera pabwalo lapamudzi, n'chokongola pachokha. Mukaipeza musaimate ndi pulasitiki yotenthetsa kapena selotepi. Muiike m'kathumba kopanda asidi, pouma ndiponso posafika dzuwa.