Foni ikalira muli m'bogi ya chete: yankho kwa mayi wa ku England

Mayi wina amene wangotha miyezi yochepa ku England, komwe akugwira ntchito yosamalira okalamba, watumiza imelo ali wokhumudwa. Akuti anakwera sitima ya ulendo wautali madzulo ena n'kukhala pa mpando umene unalembedwa pa tikiti yake. Ali m'njira, amayi ake anaimba pa WhatsApp kuchokera ku Dedza, iye n'kuyankha. Sipanathe mphindi zitatu, bambo wa pa mpando wakutsogolo anatembenuka n'kuloza chomata cha pawindo, osanena kanthu. Ena nawonso anayamba kumuponyera maso. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi ndinaphwanya lamulo? Akanatha kundilipiritsa? Kapena vuto linali lakuti ndimayankhula Chichewa?"

Mayi, pepani kwambiri. Manyazi a pagulu amawawa, makamaka pamene simukudziwa chimene mwalakwa. Yankho lili pa chomata chimene anakulozerani chija. Munakhala m'bogi imene kumeneko amaitcha Quiet Coach, ena amati Quiet Zone kapena Quieter Coach. Ndi bogi imodzi pa sitima yonse imene kampani inaipatula kuti muzikhala anthu ofuna bata: wina akufuna kugona atachoka ku ntchito ya usiku, wina akuwerenga za mayeso, wina phokoso limamudwalitsa mutu. Chizindikiro chake chimakhala pa mawindo, pa chitseko cholowera, ndipo nthawi zina pa kachikwangwani ka magetsi kosonyeza kumene sitima ikupita. Kawirikawiri chimakhala chithunzi cha foni yodulidwa ndi mzere, kapena nkhope yaika chala pakamwa. Pa sitima za kampani ya Avanti West Coast zochoka ku London Euston kupita ku Manchester, Liverpool ndi Glasgow, bogi imeneyi kawirikawiri ndi ya chilembo A. Pa sitima zazitali za kampani ya GWR zochoka ku London Paddington kupita ku Bristol, Cardiff ndi Plymouth, nayonso ndi A. Kampani ya LNER, ya njira ya ku Leeds, York ndi Edinburgh, ilinso nayo koma pa chilembo china, ndiye muziyang'ana pa tikiti ndi pa chitseko. Sitima za pansi pa nthaka za mu London zilibe bogi yotere, ndipo sitima zambiri za maulendo afupiafupi zilibenso.

Mwina mukudabwa kuti munapezekamo bwanji musanapemphe. Pogula tikiti pa intaneti pamakhala kabokosi kofunsa ngati mukufuna mpando wa pawindo, wa patebulo kapena wa m'bogi ya chete. Munthu akapanda kusankha, kompyuta imangomuponya paliponse pamene pali malo, ndipo sitima ikayamba kudzaza, malo otsala amakhala momwemo. Ndi chifukwa chake mumapezamo ngakhale banja la ana atatu limene silinafune n'komwe kukhalamo. Apa makampani ali ndi mbali yawo ya mlandu. Sibwino kuika munthu m'malo a malamulo apadera popanda kumuuza momveka, kenaka n'kumusiya kuti adzudzulidwe ndi anzake.

Zimene amapempha m'bogimo ndi zochepa. Musaimbe kapena kuyankha foni muli pa mpando. Foni ikhale pa silent, kuphatikizapo timabelu ta mauthenga ndi kaphokoso ka mabatani polemba. Nyimbo, vidiyo ndi magemu zizimveka m'mahedifoni okha, ndipo asatulutse mawu kunja. Kucheza ndi mnzanu wa pambali sikoletsedwa, koma kukhale kwa mawu apansipansi ndiponso kosatalika. Kudya n'kololedwa. Ana saletsedwa kulowa. Kutsokomola si mlandu. Anthu ena amaiyesa bogi imeneyi ngati chipinda cha mayeso, mpaka kukwiya ndi pepala la bisiketi, koma amenewo amapyola muyezo.

Tsopano za lamulo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasokoneza. Bogi ya chete payokha ndi pempho la kampani, ndipo imadalira kumvana kwa okwera. Palibe chindapusa chokhazikika choti aliyense woyankha foni mu bogi A alipire mwakuti. Choncho pa zimene munafotokozazi, palibe amene akanakulemberani chindapusa. Kondakitala akanangokupemphani kuti mudule kapena mukayankhulire kukhomo. Koma pali malamulo ena a njanji, otchedwa Railway Byelaws, amene amagwira ntchito m'sitima yonse ndi pa siteshoni pomwe, osati m'bogi imodzi yokha. Gawo 7 limaletsa kuimba nyimbo kapena kugwiritsa ntchito chipangizo chotulutsa mawu mosowetsa ena mtendere popanda chilolezo cholembedwa. Gawo 6 limaletsa kusokoneza dala mtendere wa okwera anzanu. Nkhani ikafika kukhoti, chindapusa chimatha kufika £1,000. Sizichitika kawirikawiri, ndipo amene amafika pamenepo ndi munthu amene wauzidwa kuti asiye koma akuchita makani. Chimene muyenera kutolapo n'chakuti foni ya pa loud, TikTok yopanda mahedifoni, kapena ulaliki wa pa YouTube wotsegulira bogi yonse ndi zolakwika m'bogi iliyonse. Ndipo mitima ya anthu ikuuma pa nkhaniyi. M'chaka cha 2025 chipani cha Liberal Democrats chinapempha kuti oliza mafoni mokweza m'sitima ndi m'mabasi azilipiritsidwa, bungwe loona za maulendo mu London la Transport for London linayamba kumata zikwangwani zopempha anthu kuvala mahedifoni, ndipo ku France munthu wina analipiritsidwa €200 pa siteshoni ya Nantes chifukwa choyankhula ndi foni ya pa loud.

Funso lanu lachitatu ndi limene ndikufuna kulitenga mofatsa. Sindingalumbire za mumtima mwa bambo uja, ndipo tsankho m'sitima lilipo, anthu athu amakumana nalo. Koma munthu amene waloza chomata osanena mawu achipongwe akanachita chimodzimodzi kwa mzungu mnzake woyankhula Chingerezi, ndipo amachitadi tsiku ndi tsiku. Chilankhulo chilichonse n'chololedwa m'sitima. Musadzachite manyazi ndi Chichewa chanu. Chimene chimavuta ndi foniyo, pa zifukwa zimene akatswiri anazifufuza.

Choyamba, kumva mbali imodzi ya macheza kumasokoneza maganizo kuposa kumva anthu awiri akucheza. Kafukufuku wa Lauren Emberson ndi anzake pa yunivesite ya Cornell mu 2010 anasonyeza zimenezi: khutu likamva munthu akuyankhula, n'kukhala chete, n'kuseka mwadzidzidzi, n'kukhalanso chete, ubongo umalephera kulosera chimene chikubwera, ndiye umangokhala tcheru. Anthu awiri ocheza pambali panu mumatha kuwaiwala, koma wa pafoni simungamuiwale. Chachiwiri, munthu akakhala pa malo a phokoso amakweza mawu asakudziwa. Dokotala wa makutu wa ku France, Étienne Lombard, anafotokoza zimenezi mu 1911. Sitima imalira pansi, mphepo ya makina oziziritsa ikuwomba, ndipo ngati mwavala mahedifoni otseka makutu simudzimva nokha bwino. Inu mumaona ngati mukuyankhula bwinobwino, pamene mawu anu akufika mipando isanu kutsogolo. Pa muyezo wa kukula kwa phokoso wotchedwa decibel, kunong'ona kumakhala pafupifupi 30, kucheza wamba pafupifupi 60, ndipo kuwonjezera 10 okha khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri. Chachitatu ndi netiweki. Sitima ndi bokosi la chitsulo, magalasi a mawindo ambiri ali ndi utoto wa chitsulo wotchinga kutentha umene umafooketsanso netiweki, ndipo sitima yothamanga makilomita 200 pa ola imadumpha kuchoka pa nsanja ina ya foni kupita pa ina mosalekeza. Ikalowa mu ngalande ya pansi ngati Severn Tunnel, yotalika pafupifupi makilomita 7, foni imatha kuduka. Kuwonjezera apo, netiweki ya kumudzi nayo ili ndi mavuto ake. Zotsatira zake tonse timazidziwa: "Halo? Mukundimva? Amayi? Ndati mukundimva?" Kukuwa sikukonza netiweki, koma pakamwa pamakuwa pokha.

Palinso nkhani ya nthawi. M'miyezi imene ku Britain kumazizira, Malawi amakhala patsogolo pa Britain ndi maola awiri, m'miyezi yotentha ndi ola limodzi. Inu mukamakwera sitima 5 koloko madzulo mu Januwale, kumudzi ndi 7 koloko, anthu adya nsima, akhala pansi, ndiyo nthawi yoimbira mwana wa kunja. Ndiye mafoni a kwathu amakonda kulira pa nthawi yomweyo imene sitima yadzaza ndi anthu otopa. Ndipo foni ya kwathu siyamba ndi nkhani. Pamafunika kulonjerana, kufunsa za ana, za mvula, za odwala. Kholo sulidula pakamwa. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo simukuyenera kuutaya, ungofunika malo ake.

Malo ake ndi kukhomo, kachipinda kaja ka pakati pa mabogi kumene kuli zitseko zotulukira ndi chimbudzi. Foni ikanjenjemera, imirirani muyambe kuyenda musanayankhe. Ikaduka musanafike, muimbanso. Ngati mwayankha muli pa mpando, mawu ochepa apansipansi akwanira: "Amayi, ndili m'sitima, dikirani pang'ono ndituluke." Palibe kholo limene lingakwiye ndi zimenezo, ndipo palibe wokwera wanzeru amene angadandaule ndi masekondi asanu. Tengani kachikwama ka ndalama, pasipoti ndi tikiti. Jekete mutha kusiya pa mpando kuti anthu adziwe kuti pali munthu. Mukafika, onetsetsani kuti chitseko cha galasi chatsekeka kumbuyo kwanu. Zitseko zimenezi zimatseguka zokha munthu akayandikira, ndiye mukaima pafupi kwambiri chimangotseguka n'kutsekeka, mawu anu onse n'kumalowa m'bogi. Sunthirani ku mbali ya chitseko chotulukira, koma sitima ikamafika pa siteshoni apatseni njira otsika.

Ma voice note ndi amene amagwetsa ambiri. Munthu amadina, mawu a mlamu wake n'kuphulika bogi yonse. Pa WhatsApp, mukadina kuti uthenga uyambe n'kuika foni pakhutu ngati mukuyankha foni, mawu amasamukira ku kasipika kakang'ono ka pamwamba, mumamva nokha. Yambani mwatsitsa voliyumu, chifukwa sekondi yoyamba imatuluka mokweza foni isanafike pakhutu. Kujambula voice note yanu muli pa mpando n'chimodzimodzi ndi kuimba foni, ndiye lembani uthenga kapena pitani kukhomo. Mahedifoni nawo muwayese musanakwere: tsegulani nyimbo pa voliyumu imene mumakonda, muwavule, muwatseke ndi chala kapena muwagunditse pa ntchafu. Ngati mukumvabe "tsi-tsi-tsi", mnzanu wa pambali adzamvanso. Aja olowa m'khutu okhala ndi timphira amatayira kunja mawu ochepa kuposa apulasitiki ouma ongokhala pakhomo pa khutu. Ndipo samalani ndi Bluetooth: batire ya mahedifoni ikatha, mafoni ena amapitiriza nyimbo pa sipika, mwini wake osazindikira msanga.

Pali foni ina imene sitingaikonzekere, ya uthenga wa maliro kapena wa matenda aakulu. Ikakupezani m'bogi ya chete, musaganize za chomata. Yankhani, ndipo miyendo ikalola pitani kukhomo, osati chifukwa cha anthuwo koma chifukwa cha inu, kuti mulire momasuka popanda maso makumi anayi. Kondakitala akadutsa muuzeni kuti mwalandira uthenga wa imfa. Ambiri amathandiza, amatha kukupezerani malo ena okhala.

Njira yosavuta kuposa zonse ndi kusakhalamo ngati mukudziwa kuti muyankhula. Pogula tikiti onani chilembo cha bogi, ndipo ngati n'kotheka sinthani mpando nthawi yomweyo. Mukazindikira muli kale m'sitima, simuli omangika pa mpandowo. Tikiti yogulidwiratu yotchedwa Advance imakumangani pa sitima ya nthawi imene munasankha, koma kawirikawiri mutha kukhala pa mpando wina wa kalasi yomweyo umene sunasungidwire munthu. Yang'anani pamwamba pa mawindo: pa sitima zatsopano za GWR ndi LNER, getsi lobiriwira likutanthauza kuti mpando ulibe mwini, lachikasu ndiye kuti mwini wake akwera kutsogolo, lofiira ndiye kuti ndi wosungidwa panopa. Mukamayenda ndi ana aang'ono, kapena gulu la kumpingo kapena la ku ukwati, chitani zimenezi musanakhazikike ndi katundu. Kuletsa mwana wa zaka zitatu kuyankhula kwa maola awiri ndi nkhanza kwa mwanayo, ndipo anthu asanu ndi mmodzi amene sanaonane chaka chonse sangathe kunong'ona.

Tsiku lina mudzakhala inu ofuna tulo mutagwira shifiti ya maola 12, wina n'kumaliza foni pambali panu. Muuzeni kamodzi, mwaulemu, mongomudziwitsa, chifukwa mwina nayenso sanaone chomata monga inu. Akakana musalimbane naye, uzani kondakitala. Koma zikafika pa kutukwana, kuopseza, kapena mawu onyoza khungu lanu kapena dziko lanu, imeneyo si nkhani ya phokoso ayi, ndi mlandu wa polisi. Tumizani uthenga wa SMS ku 61016, nambala ya British Transport Police, mutchule sitima imene mwakwera, chilembo cha bogi ndi siteshoni yotsatira. Pa ngozi yeniyeni imbani 999.

Mukadzayenda maiko ena mudzazipezanso. Ku Germany sitima za ICE zili ndi gawo lolembedwa Ruhebereich. Ku Netherlands mawindo amalembedwa Stilte kapena Silence, ndipo kumeneko ngakhale kucheza kwa pansipansi sakufuna. Ku America, kampani ya sitima ya Amtrak ili ndi Quiet Car, imene inayamba chifukwa cha pempho la okwera eni ake. Ku Japan ndiye sitima yonse ili choncho: foni imakhala pa silent, ndipo pa sitima zothamanga za Shinkansen woyankha foni amapita kukhomo.

Amayi a ku Dedza auzeni masiku ndi maola amene mumakhala m'sitima, muwawerengere pa nthawi ya ku Malawi, ndipo mugwirizane kuti muziwaimbira ndinu mukangotsika.