Funsani Azakhali: Ndakolopa m'wodi zaka 7, unamwino unditengera zaka zingati?

Azakhali, ine ndine mayi wa ana awiri, zaka 29, ndimakhala mbali ya ku Santhe kuno ku Kasungu. Ndimagwira ntchito yokonza pa chipatala china chaching'ono, ichi ndi chaka cha 7. Kukolopa, kuchapa nsalu za kochirira, ndipo magetsi akathima usiku ndine amene ndimagwira tochi anesi akamachiritsa mayi. Folomu 4 ndinalemba 2014, Chingerezi ndinapeza 5, Masamu 6, koma Biology 7, Physical Science nde musandifunse. Anzanga akuti poti ndakhalitsa m'chipatala sukulu andidulirako zaka, ena akuti ndiyambire uzamba wa m'midzi uja. Abambo akunyumba akuti zikapitirira zaka zitatu iwo sangathe ana okha ndi fodya kumunda. Ndiuzeni zoona, ndi zaka zingati?

Mayi wa ku Santhe

Mayi, ndiyambe ndi zowawazo kuti tithane nazo. Zaka 7 zanuzo palibe amene akudulireni nazo ngakhale temu imodzi. Zikuthandizani pa intaviyu, eya, chifukwa inu magazi simuwaopa ndipo fungo la m'wodi mukulidziwa, pomwe tiana tochokera ku Folomu 4 tina timakomoka tsiku loyamba kochirira. Koma amene amapereka chilolezo chogwira ntchito ya unamwino ndi a Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo iwo amayang'ana kuti munaphunzira pa koleji imene anaivomereza, munamaliza, munalemba mayeso awo n'kukhoza. Tochi ija sailemba pena paliponse.

Nde khomo lanu lenileni si la koleji ayi, ndi la MANEB. Kirediti ya MSCE imathera pa 6. 7 wanu wa Biology uja ndi pasi chabe, ndipo sukulu za unamwino zimayamba kuyang'ana pomwepo, Chingerezi ndi masayansi. Komanso dziwani kuti Physical Science yomwe munalemba inu anaigawa, pano kuli Physics payokha Chemistry payokha, silabasi inasintha, musati mufukule makope a 2014 m'katoni n'kumati mukukonzekera. Pezani malo ku open, makamaka pa sekondale yoti ili ndi labu chifukwa masayansi ali ndi pepala la pulakitiko, munthu sungalidziwe pongowerenga pa mkeka. Apa werengani chaka chathunthu. Kulembetsa mayeso kumachitika miyezi yambiri mayesowo asanafike, nthawi ija ndalama yonse ili ku nazale ndi feteleza, ambiri amaphonya pomwepa n'kutaya chaka osalemba n'komwe. Ya mayeso muipatuliretu fodya akangogulitsidwa ku Chinkhoma, muibise.

Ine ndinabwerezapo ndili ndi zaka 26, musandione chonchi. Desiki imodzi ndi kamtsikana koti ndinakabelekapo kumsana kali kakhanda, kakuti "anti bwerekeni rula". Sabata yoyamba manyazi ankandigwira mpaka m'mawondo, yachiwiri ndinayamba kukafunsa komweko kuti kandifotokozere za ma cell.

Chinthu china, muziwerenga bwino zotsatsa malo za koleji iliyonse. Ena amalola kuphatikiza masatifiketi awiri, ena amafuna makirediti onse atuluke pa mayeso amodzi. Ine ndikanakhala inu ndikanalemba maphunziro okwanira satifiketi yatsopano yathunthu, osangoti awiri okha amene anakugwetsani, kuti pasakhale wokubwezani pa geti.

Zotsatira zikatuluka bwino, njira zagawikana.

Imene ambiri onga inu amadutsa ndi ya dipuloma ya zaka zitatu, ya Nurse Midwife Technician, timangoti NMT. Imaphunzitsidwa m'makoleji a CHAM, a mipingo aja, monga Nkhoma ku Lilongwe, Ekwendeni ndi St John's kumpoto, St Luke's ku Malosa, Mulanje Mission, Holy Family ku Phalombe, St Joseph's ku Nguludi, Trinity ku Muona, komanso kuli Malawi College of Health Sciences ya boma. Onani mndandandawo bwinobwino, mulibemo Kasungu. Kutanthauza kuti n'zogonera konko, ndipo holide yake si ya ku sekondale ayi chifukwa nthawi yambiri mumakhala muli m'mawodi, mausiku omwe, kadaftala m'manja kusainitsa chilichonse chimene mwachita, amayi angati mwachiritsa, apakati angati mwawayeza kusikelo. Chiwerengero chikapanda kukwana simulemba mayeso, mumatsalira kukwaniritsa anzanu akupita.

Tiwerengere limodzi tsono. Chaka chimodzi cha MSCE. Kenako kudikira zotsatira, kudikira atsatse malo, intaviyu, kudikira mayina, kudikira tsiku lotsegulira, zimenezi zimadya miyezi yambirimbiri mwinanso chaka, ndipo ndi zimene anthu amaiwala akamawerengera pa zala. Zitatu za koleji. Kenako mayeso a Council ndi kudikira zotsatira zake. Zonse pamodzi ndi zaka zisanu, ngati simunagwe pena paliponse komanso fizi sinakukhazikeni pakhomo. Muvala yoyera ija muli ndi zaka 34 kapena 35. Ntchito nayo siibwera tsiku lomwelo, alipo ambiri amene amayamba ndi maganyu a locum uku akudikira kulembedwa.

Ya digiri ndi zaka zinayi, ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), komwe kale tinkati Kamuzu College of Nursing asanaiphatikize ndi College of Medicine mu 2021, kapena ku Mzuzu University, kulinso Daeyang ku Lilongwe. Ukatuluka kumeneko n'kukhoza mayeso a Council ndiwe registered nurse, namwino wa udindo woposa NMT. Koma mpikisano wake ndi wa mapointi otsika kwambiri, mukulimbana ndi ana a ku boding'i amene ntchito yawo ndi kuwerenga basi, inu mukuchokera ku naiti. Sindikuti n'zosatheka. Mukakhoza mochititsa kaso lembani ndithu, nde zikhala zaka ngati 6. Apo ayi mumayamba ndi NMT, mugwire ntchito zaka zingapo, kawirikawiri amafuna ziwiri, kenako mubwerere ku sukulu zina ziwiri kukakweza. Njira yozungulirayi mpaka pa registered nurse ndi zaka 9 kapena 10 kuchokera lero, koma pakati ponsepo mukulandira malipiro a namwino, si zofanana ndi kungokhala.

Za uzamba wa m'midzi anzanu akunenazo, ndi Community Midwifery Assistant. Sukulu yake ndi yaifupi, pafupifupi chaka ndi theka, ndipo ntchito yake ndi yomwe mumaionera ndi tochi ija, sikelo ya apakati, kuchiritsa, kuona mwana ndi mayi akachira. Kuphatikiza ndi chaka cha MSCE ndi kudikira kuja, ndi yokhayi imene ikuyandikira zaka zitatu za abambo akunyumba. Koma ndisakunamizeni, ameneyu ndi wothandizira mzamba, si namwino, ndipo mukadzafuna dipuloma sukulu ikudikirabe. Ngati mtima wanu uli kochirira kokhako, ndi ntchito yaulemu ndipo kumudzi amaifuna kwambiri. Ngati mumalota kugwira wodi ya amuna, ya ana, kudzakhala in-charge, mkulu wa wodi, musapite uko chifukwa chongofuna kufupikitsa, mudzalipira kawiri.

Abambowo muwawerengere yankho ili lonse, musadumphe mzere. Kuwauza kuti ndi zitatu kuti avomere, chaka chachinayi chidzakuvutani muli ku Nkhoma mwana akudwala ku Santhe. Khalani pansi ndi apongozi kapena achemwali anu mugwirizane amene agwire ana, ndipo chaka cha MSCE chija ntchito musasiye, pemphani azikuikani mashifiti oti masana muzipezeka m'kalasi. Za tchuthi cha sukulu mukafunsiretu kwa akuluakulu a pantchito panu musanalembere koleji, kuti mudziwe ngati mukapita ndi malipiro kapena ayi.

Azakhali, ndine mnyamata wa zaka 24 ku Chamama. Pa gulupu ya WhatsApp aponya zoti kuli sukulu ya unesi ya miyezi 6 yokha, zina mumaphunzira pa foni, yunifomu amapereka, MSCE ngakhale ya mapasi akulandira. Bambo akufuna agulitse ng'ombe. Ndipite? Komanso anzanga akundiseka kuti unesi ndi wa akazi.

Mnyamata wa ku Chamama

Mwana wanga, ng'ombeyo ibwerere m'khola kaye. Unamwino wa miyezi 6 kulibe kuno ku Malawi. Makosi aafupi osamalira odwala kapena okalamba alipo, ena ndi abwinobwino, koma satifiketi yake siikupanga iwe namwino ndipo siikulowetsa m'chipinda cha mayeso a Council. Jakisoni saphunzirira pa foni iwe. Yunifomu nde telala aliyense pa msika wa Kasungu akusokera mawa lomwe.

Uwafunse funso limodzi lokha: kodi Nurses and Midwives Council inakuvomerezani, ndipo ophunzira anu mumawalembetsa kumeneko akangoyamba? Chifukwa wophunzira weniweni dzina lake limalowa m'kaundula wa Council ali chaka choyamba. Akayankha, usakhulupirire pomwepo, ufunsenso wekha ku ofesi ya Council ku Lilongwe. Akayamba zoti "tili mkati mokonza mapepala", tseka foni.

Za akazizo, uwatenge anzakowo mukazonde odwala pa chipatala cha boma pa Kasungu kapena ku St Andrews ku Mtunthama, awerenge okha amuna ovala zoyera. Sunandiuze kuti Biology unapeza chani. Lembanso unditumizire magiredi onse, tiwerengere zaka zako.