Kangalande ka pa lupanga si ka magazi ayi

Achimwene ena a ku Moatize anditumizira imelo, akuti kodi kangalande kaja kamakhala pakati pa lupanga, azungu amati fuller, nkodutsamo magazi? Funsoli landikhudza chifukwa ine ndakulira pa chipala.

Malume anga anali osula ku Angónia, kufupi ndi Ulongwe, ine ntchito yanga inali kupopa mvukuto mpaka manja kuwawa, iwo akusula makasu, nkhwangwa ndi zikwanje kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakufa. Chitsulo chinali chosowa moti kachidutswa kakagwa pansi ankanditumiza kukafufuza m'phulusa. Ndiye munthu akamati wosula amataya thukuta lake kukonzera magazi njira kuti lupanga lisakanirire m'thupi zimandipweteka ndithu. Ndi bodza achimwene. Mwaphapo mbuzi kangati ndi mpeni wopanda ngalande, unakanirira mkati? Anthu timakonda nkhani zoopsa, nzeru za wosula sitiziona, nchifukwa chake lero tikuthamangira makasu a m'sitolo opindika mvula yoyamba, achikulire odziwa kusula akutha osasiyira munthu.

Komanso mukudziwa kuti dzina loti catana timatchulira chikwanje kunoli Apwitikizi analitenga ku Japan, ku mawu oti katana? Malupanga a kumeneko enanso ali nako kangalandeka, amati hi. A ma Viking, ankhondo akale a kumpoto kwa Ulaya, ngalande yake inali yotakata, kutsika pafupifupi mpaka kunsonga.

Nanga ntchito yake

Inu muli ku Moatize, kayang'aneni njanji. Pamwamba yonenepa, pansi yotakata, pakati yopyapyala, koma imasenza sitima ya malasha. Chitsulo chikamapindika mphamvu imagwera kunja, chapakati chimangolemeretsa. Wosula akamenya ngalande chitsulo chili chofiira, sachotsa kanthu, amachikankhira m'mbali, lupanga nkutambasuka ndi chitsulo chomwecho. Akachita kupala ndi galayinda ndiye wachotsa, lupanga lapepuka koma kulimba kwatsika pang'ono, osati kuwonjezeka monga ena amanenera. Malupanga ambiri akale a ku Ulaya ankalemera kilo 1 mpaka 1.5 basi, woti mkono usatope msanga. Dzina loti fuller ndi la chida chomwe amamenyera ngalandeyo.

Ngati mukufuna kuyesa pa mpeni wanu, menyani mbali zonse mofanana ndipo musazamitse, mukapyoza pakati mwaononga chitsulo chonse.